Disiki ya inshuwalansi yapezeka ya feki, dobadoba akuti tisunthe deti ya ngozi, nditani?

Admin ndibiseni dzina chonde.

Abale ndithandizeni nzeru, sabata ino tulo sindikutiona. Ndine mayi wa ku Dedza kuno, ndili ndi kalole ka matani atatu konyamulira kachewere kuchoka ku Bembeke ndi Lizulu kupita ku Lilongwe, woyendetsa ndi mlamu wanga. Inshuwalansi itatha mu Janyuwale ndinapatsa ndalama mnyamata wina yemwe amatiyendera za mapepala a galimoto, COF, chiphaso chija chakuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, ndi zina zotero, mukuwadziwa madobadoba, ndiye tsiku lomwelo anabweretsa disiki tinamata pagalasi, marodibuloko onse takhala tikudutsa bwinobwino palibe yemwe anakayikapo.

Sabata yatha alamu anagunda wa kabaza pa M1 chakufupi ndi Linthipe. Mulungu ngwabwino mnyamatayo ali moyo koma mwendo wathyoka, njinga yatheratu. Nditapita ku kampani yomwe dzina lake lili pa disikiyo, analowetsa nambala mu kompyuta nkundiuza kuti nambala imeneyo ndi ya Sienta ya munthu wina, lole yanga sakuidziwa. Ndinangoti kakasi. Lisiti ndilibe, chomwe ndili nacho ndi meseji ya pafoni yomwe ndinamutumizira ndalama basi.

Dobadoba uja poyamba samayankha foni, dzulo watulukira akuti mayi musadandaule, tidule inshuwalansi yeniyeni lero, deti ya ngozi tiisuntha ndili ndi anthu anga, mungowonjezera kangachepe. Uku achibale a wovulalayo akubwera pakhomo tsiku ndi tsiku. Kodi zosunthazi zimatheka? Makampaniwa ndi apolisi amauzana zinthu? Nanga munthu wakubera chonchi umakamunenera kuti?

MAYANKHO

— Iiii mayi, munthu wakuberani kale nde mukufuna kumuwonjezera? Deti asuntha bwanji poti mnyamatayo anagonekedwa kuchipatala tsiku lomwelo, buku lakumeneko asinthanso?

— Amayi pepani ndi zimenezi. Ine ndinagwirako ku makleimu, komwe anthu amapempha kampani ya inshuwalansi kuti ilipire ngozi ikachitika, zaka zingapo, ndikuuzeni mmene zimayendera. Panopa inu ndi wobeledwa, koma mukangodula inshuwalansi lero nkukanena kuti ngozi yachitika mawa, mlandu wa chinyengo ukhala wanu, dzina losayina pa fomu ndi lanu osati la dobadoba. Kleimu yobwera patangopita masiku ochepa munthu atadula inshuwalansi ndi yoyamba kukayikiridwa, amatumiza munthu kukaona galimoto, kufunsa lipoti la polisi, kufananitsa ndi mapepala akuchipatala, ngakhale a kabaza a pa siteji amawafunsa. Komanso kumbukirani kuti mwapita kale ku kampani ija ndi nambala ya lole yanu, iwo akudziwa kuti ngozi inachitika. Makampani a inshuwalansi kuno si ambiri, ali ndi bungwe lawo la Insurance Association of Malawi, anthu a makleimu amadziwana.

Wowayang'anira onse ndi Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, potsatira Financial Services Act ya 2010. Chiphaso cha kampani, cha broker ngakhale cha ajenti chimachokera kumeneko, ndiye wogulitsa inshuwalansi alibe chiphaso akuphwanya lamulo. Koma Reserve Bank siimanga munthu, omanga ndi apolisi, makamaka a Fiscal omwe amaona milandu ya ndalama ndi chinyengo. Nkhani ikakula kuti ndalama zikuzembetsedwa mpamene amalowa a Financial Intelligence Authority, omwe anakhazikitsidwa ndi Financial Crimes Act ya 2017. Aliyense ali ndi mbali yake, nkhani imachita kupatsirana. Ndiye inu lemberani kalata kampani ija kuti disiki ya dzina lawo ikugulitsidwa ndi munthu wakuti, akusayinireni kope, kanenaninso ku polisi, kope ina ipite kwa Registrar ku Lilongwe. Meseji ija musafufute, ijambuleni, disikinso musamatule nkutaya ndi umboni wanu.

— Ine ndimayendetsa thiraki ya ku Beira kudzera pa boda ya Dedza. Zikalata zafekizi si kuno kokha. Anzathu ena amaona ngati Yellow Card ya COMESA, inshuwalansi ya galimoto yoyendera maiko angapo ija, igwira paliponse, ku Mozambique siigwira chifukwa iwo sali mu COMESA, umadula yawo pa boda, nde ukadula kwa munthu wongokuthamangira ndi kachikwama m'manja udzalira kutsogolo.

— A thiraki mwanena zoona. Oyang'anira inshuwalansi a maiko a SADC ali ndi komiti yawo yotchedwa CISNA, Malawi ndi Mozambique onse ali momwemo, amagawana uthenga. Koma izi ndi za akuluakulu okhaokha, musaganize kuti dobadoba akathawira tsidya la Lizulu kumene msewu ndiwo malire CISNA ndi imene ikamugwire kkkk, mumugwiritse panopa akadayankha foni.

— Zamakalatazo nzabwino koma zamaofesi zimatenga nthawi, mwendo wa mwana wa eni sudikira. Komanso tisanamizane mayi, pamalamulo a pamsewu lole yanu imayenda yopanda third party, inshuwalansi yolipira munthu amene mwamugunda, ndiye mtolo wa wovulalayo wagwera inu ndi alamu anuwo. Khalani pansi ndi achibale ake, pakhale mboni, chilichonse mwapereka chilembedwe ndipo asayine. Mukamangopereka pamanja adzabwera mpaka chaka chamawa.

— Mlongo wanga, funso langa ndi limodzi, pa boma pomwepo ndi angati anamata madisiki a mnyamata ameneyo? Maminibasi ndi ma Sienta onyamula ana athuwa?

— (Mwini funso) Zikomo nonse. Zosuntha deti ndazisiya, ndinali nditatsala pang'ono kugulitsa matumba khumi a kachewere kuti ndimupatse. Ndamuuza kuti abwere Lachinayi adzatenge ndalama, asanafike ndikhala nditapita kale ku polisi ndi kalata ija. Amuna a msuweni wanga ali ndi minibasi, disiki yawo anadulanso yemweyo, ndawaimbira akuti mawa akaifunsa ku kampani. Achimwene a ku makleimu aja, kalata ya kwa Registrar ndilembe m'Chichewa momwemu kapena mpaka chizungu? Ndipo lole ndiyimitse kaye kapena ndikadula inshuwalansi yatsopano ndekha ku ofesi itha kuyamba kuyenda?