GBS ikutulutsa ma band awiri pa PCR, vuto lili pati?

Tiyamike: Akuluakulu ndithandizeni nzeru, mutu waima kuno. Tikupanga typing (kusiyanitsa mitundu) ya bakiteriya wa GBS (Group B Streptococcus, dzina lina Streptococcus agalactiae) yochokera kwa amayi oyembekezera, ma swab a njira ya abambo ndi kotulukira chimbudzi pa masabata 36 mpaka 37. Ambiri akuyenda bwino koma pali ma sampulo anayi omwe pa multiplex PCR ya cps (kuyeza DNA ya majini a capsule omwe amaonetsa serotype, mtundu wa GBS) akuonetsa mitundu iwiri nthawi imodzi, ina Ia ndi III pamodzi, ndiye titapanga MLST (kuwerenga DNA ya majini 7 kuti tipeze sequence type, ST) ma peak a majini monga adhP ndi atr abwera osanjikizana moti allele sikuwerengeka, database ya PubMLST ikungokana. Ndabwereza kawiri, zomwezomwezo.

Madalitso: Negative control ikuonetsa chani achemwali?

Tiyamike: Ili mbee. Madzi ndasintha, ma primer ndasungunula atsopano, ma pipette tinapukuta onse.

Mayi Phiri: Nanga DNA mukuitenga bwanji, pa colony imodzi kapena mukukokolola pleti yonse?

Tiyamike: Tikukokolola mayi. Colony imodzi imatipatsa DNA yochepa kwambiri ndiye tinaona ngati bola kutenga zambiri.

Mayi Phiri: Vuto lanu lagona pamenepo mwana wanga. Mayi mmodzi atha kunyamula mitundu iwiri ya Streptococcus agalactiae nthawi imodzi, ndipo mukaika swab mu Lim broth (madzi omeretsera GBS) yonse iwiri imakula, pa blood agar simungaisiyanitse ndi maso chifukwa ma colony ake ndi ofanana. Mukakokolola ndiye mwasakaniza. MLST imawerenga majini 7 aja, adhP, pheS, atr, glnA, sdhA, glcK ndi tkt, koma imafuna onse akhale a kachilombo kamodzi, mukaipatsa tiwiri pamalo pomwe tasiyana pamabwera ma peak awiri. Bwererani ku stock, falitsani kuti ma colony atalikirane, mutole asanu pa mayi aliyense, aliyense pleti yakeyake, kenako mutsimikize kuti ndi GBS ndi test ya CAMP kapena latex ya group B pa aliyense musanapite ku PCR.

Kondwani: Nkhani ya DNA yochepayo musalimbane nayo pochulutsa tizilombo, khungu la GBS ndi lolimba basi. Ikani mutanolysin ndi lysozyme pa 37 digiri kaye musanathire proteinase K, muona kusintha. Komanso poti mukutola ma colony samalani ndi Enterococcus faecalis, colistin ndi nalidixic acid za mu broth zija sizimugwira ndipo amakonda kumera pamwamba pa GBS. Test ya bile esculin ikada ndiye kuti ndi Enterococcus, ameneyo tayani.

Madalitso: Ndionjezereko pang'ono, mukaona III musathamangire kulemba kuti ndi ST17. ST19 nayo imakhala III kawirikawiri. Amene timamuopa chifukwa cha meningitis ya makanda ndi CC17, gulu la ST17 ndi abale ake, ndipo ngati ndalama ya sequencing ili yovuta PCR ya hvgA, jini yomwe imapezeka mwa CC17, ikhoza kukuuzani msanga kuti ndi ati oyamba kutumiza.

Mayi Phiri: Zoona. Koma chonde a Tiyamike, zotsatira za ku wodi zisadikire typing. Kwa azamba chofunika n'choti mayiyu ali ndi GBS, alandire penicillin kapena ampicillin matenda obereka akayamba, kaya ndi Ia kaya III mankhwala ndi omwewo. Ine zimandiwawa mtima mayi akabereka pepala lake lili pa benchi.

Tiyamike: Ayi mayi, zimenezo zinapita kale tsiku lomwe CAMP inatuluka.

Tiyamike: Ndabweranso, munanena zoona. Mwa amayi anayi aja atatu analidi ndi mitundu iwiri. Mmodzi ma colony atatu atuluka Ia ST23, awiri III ST17, ndipo tsopano ndamvetsa chifukwa chake glcK yokha inkawerengeka bwino poyamba paja, awiriwa allele ya glcK ndi imodzi. Wachinayi ma colony onse asanu ndi V, ndikuganiza kuti tube yake inadonthezeredwa nthawi ya extraction. Mutanolysin ija a Kondwani yathandiza kwabasi, zikomo. Funso latsala ndi lakuti mu tebulo amayi atatuwa ndiwawerenge bwanji?

Mayi Phiri: Powerenga amayi onyamula GBS aliyense kamodzi, powerenga ma serotype lembani ma isolate onse ndipo munene poyera kuti munatola ma colony asanu pa mayi. Koma dziwani kuti ena aja munakokolola n'kutuluka band imodzi, ngati mtundu wachiwiri unali wochepa PCR mwina sinauone, ndiye kuti njira ikhale imodzi abwerezeninso onse.