Zomwe ndapeza pa funso langa la Cyberpunk 2077 ya PS4

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinafunsa chifukwa chake ena amayamikira gemu imeneyi pomwe ena amati inakhumudwitsa, komanso ngati disiki yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yoyenera kugula.

Ndinatsatira malangizo oti ndione malikisi a makina anga, osati a gemu yonse. Pa Metacritic, webusayiti yosonkhanitsa malikisi a ndemanga, ya PC ili ndi 86, koma ya PS4 ili ndi 57. Gwero la kusiyana maganizo kwa anthu ndi loti isanatuluke pa 10 Disembala 2020, olemba ndemanga anapatsidwa ya PC yokha. Ya PS4 anthu anaidziwa atagula kale: zithunzi zinkadukizadukiza, makoma ndi nkhope zinkachedwa kuoneka bwino, nthawi zina inkangozima. Sony inaichotsa mu PlayStation Store mwezi womwewo, n'kuibwezeretsa mu Juni 2021.

Ndinabwereka disiki, ndinaika zokonza zonse zochokera pa intaneti ndisanayambe, ndipo ndasewera masiku angapo osazima. Ndagula. Nkhani yake ndi yokoma kwambiri, ndipo ndemanga zoyambirira zija sizinaname pamenepo.

Kwa amene akubwera pambuyo, onani deti la ndemanga iliyonse, chifukwa malikisi akale sasinthidwa gemu ikakonzedwa. Musaisewere kuchokera pa disiki yokha. Zokonzazo ndi zazikulu, choncho konzekerani bandulo yokwanira kapena wayifayi. Dziwaninso kuti zokonza zazikulu za 2.0 ndi gawo lowonjezera la Phantom Liberty za 2023 sizinafike pa PS4. Ndiye mukaonera vidiyo yatsopano, tsimikizani kaye kuti inajambulidwa pa makina ati.