Bambo akunyumba amawoloka kupita ku Singapore tsiku lililonse, tisamuke kapena?

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A admin mundibisire dzina chonde, abale anga ambiri ali pa gulu pompano. Ndine mayi wa mwana mmodzi, kwathu ndi ku Zomba koma ndimakhala ku Johor Bahru, ku Malaysia. Ndinabwera kudzaphunzira, basi n'kukwatiwa ndi mnyamata wa konkuno. Chaka chatha bambo akunyumbawa anapeza ntchito ku Singapore. Amadzuka 4 koloko mbandakucha, kukwera njinga yamoto, kukaima pamzere pa Causeway, mlatho wolumikiza Johor Bahru ndi Singapore, mpaka ku Woodlands tsidya la Singapore, madzulo chimodzimodzinso. Mlathowo ndi wa kilomita imodzi yokha, koma tsiku lina anatha maola awiri asanawoloke, mvula ikuwathira. Akafika amangovula chisoti, kudya mpunga ali chiimire, n'kugona ndi sokosi zomwe. Mwana amawaona Lamlungu basi.

Ndiye apongozi anga aakazi timakhala nawo nyumba imodzi. Chilichonse chomwe ndaphika akuti mchere wachuluka, ndikaphika nsima amayang'ana mumphika ngati ndikukanda simenti. Kumudzinso anamva kuti alamu awo amalandira madola, achimwene anga foni tsiku ndi tsiku, za feteleza, za fizi, mpaka za malata a khitchini. Kodi tisamukire ku Singapore tonse, kapena iwo achite lendi chipinda kumeneko azibwera Loweruka, kapena tizingopirira? Ndikuwonda ndi maganizo abale.

Achimwene a pa Mayfair, ku Joni: Achemwali, maola awiri mukulira? Ife pa Beitbridge tinagonapo masiku awiri, basi itatisiya, zikwama zili pamutu. Kugwira ntchito m'dziko la eni n'chimodzimodzi kulikonse, Joni kapena Singapore. Mwamuna akuvutikira inu, mumuphikire madzi osamba n'kukhala chete.

Mayi wa atatu, Leeds: Asisi, za chipinda zija musalole. Anga anayamba choncho, ati ndikhale pafupi ndi ntchito. Lero ali ndi ana awiri kwina. Ndanena ndanena.

Wa ku Skudai: Ndili pafupi nanu, ndikuphunzira kuno. Funso langa ndi limodzi: amuna anuwo ali ndi pass yanji, chilolezo chogwirira ntchito ku Singapore? Work Permit, S Pass kapena Employment Pass? Nkhani yonse yagona pamenepo. Wa Work Permit saloledwa kutengera mkazi ndi mwana ku Singapore ngati banja lake. Wa S Pass kapena Employment Pass amatha kukupemphererani Dependant's Pass, koma malipiro ake azifika madola a Singapore 6,000 pamwezi. Musanayambe kumanga katundu, taonani kaye khadi lawo.

Achimwene a pa Mayfair: Mapepala mapepala chiyani? Ine zaka 11 ku Joni, ndani anandifunsa pass? Munthu umangolowa, zina zimakonzeka uli momwemo.

Wa ku Skudai: Akulu, Singapore si Joni. Kumeneko kukhala masiku opitirira omwe anakupatsa ndi mlandu wopita nawo kundende, ndipo amuna akapitirira masiku 90 amakwapulidwa ndithu. Musawaphunzitse zimenezo.

Achimwene a pa Mayfair: Iwe mwana wasukulu usandiuze za moyo. Wakhalapo kunja zaka zingati? Chingamu chomwe analetsa kugulitsa dziko limenelo, ine sindingakhaleko ngakhale mutandilipira.

Mnyamata wa ku Area 25: Alamu athuwo alibe mchemwali wosakwatiwa? Ndikufunsira mnzanga 😂

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. A ku Leeds, anga si otero, amapemphera kwambiri. Koma apongozi dzulo anataya ndiwo zanga za nyemba ati zasasa, chonsecho ndinali nditangophika kumene. Ufa womwe ndinabwera nawo watsala m'kachitini kamodzi, ndimachita kuubisa kuchipinda.

Gogo wa gulu: Mwana wanga, apongozi ndi mayi ako. Zakunyumba saulula pagulu chonchi. Ukadzakula udzamvetsa.

Mlongo wa ku Kuala Lumpur: Inenso anga ndi a konkuno ndipo anagwirako ku Singapore, ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaona. Chomwe anthu pafupifupi 300,000 amavutikira kuwoloka pa mlatho umenewo tsiku lililonse n'choti dola imodzi ya Singapore imakupatsa ma ringgit a Malaysia oposa atatu. Ukalandira uko n'kudyera kuno, ndiwe bwana. Ukalandira uko n'kudyera komweko, ndalama ya chipinda chimodzi m'nyumba za boma za HDB ikanakulipirira nyumba yonse ku Johor. Ife tinawerengetsa bwinobwino n'kuona kuti kusamuka n'kungosinthanitsa mavuto. Koma kuwoloka kulinso ndi zake. Malire atatsekedwa pa 18 March 2020 chifukwa cha Covid, anga anali tsidya lija. Anayamba n'kugona pa katoni kuntchito, kenako bwana anawapezera pogona. Mwana wathu anayamba kuyenda, bambo ake akuonera pa foni. Malire anadzatsegulidwa bwinobwino pa 1 April 2022. Mpaka lero ndikamva njinga yamoto usiku ndimadzuka.

Achimwene a pa Mayfair: Covid inali paliponse mayi, ifenso tinatsekeredwa. Mfundo yanga ndi yoti akazi a masiku ano mukufuna madola koma simukufuna mwamuna atope. Sankhani chimodzi.

Mayi wa atatu, Leeds: Inu a Mayfair, mwayankha kanayi pa nkhani ya dziko lomwe simunapondeko. Akazi anu ali kuti kodi?

Achimwene a pa Mayfair: Ali ku Mangochi, ndipo ndinawamangira nyumba ya malata. Funso lina?

Wowerengera ndalama: Palibe wanenapo za penshoni. Ku Singapore thumba la penshoni la CPF ndi la nzika ndi okhala ndi PR (chilolezo chokhazikika m'dzikomo) okha, mlendo wa pass sadulidwa. Ndiye ngati amuna anu sakudziponyera okha ku EPF, thumba la penshoni la kwawo ku Malaysia, akugwira ntchito yopanda chosungira ukalamba. Ndipo achimwene anu a fetelezawo muwaikire malire, apo ayi mudzalemeretsa mudzi inu muli chimanjamanja.

Wa ku Skudai: Kuwonjezera pang'ono. Ayesereko mlatho wachiwiri, Second Link ya ku Tuas, ngati ntchito yawo ili chakumadzulo, nthawi zina kumapepukako. Palinso sitima ya Shuttle Tebrau, kuchoka pa siteshoni ya JB Sentral ku Johor Bahru kufika Woodlands ndi mphindi zisanu zokha, vuto matikiti a m'mawa amatha msanga, umayenera kugula kukadali masabata. Akumanganso njanji ya RTS Link kuchoka pa Bukit Chagar ku Johor Bahru kufika Woodlands North. Ine ndikanakhala inu ndikanafuna nyumba pafupi ndi Bukit Chagar, yopanda apongozi, n'kusiya za kusamuka. Koma pass ija simunatiuzebe.

Mlongo wa ku Kuala Lumpur: Ndipo inuyo muli pa pass ya ukwati ya ku Malaysia eti? Ija imafuna kuti amuna anu azionekera nanu ku Immigration poikonzanso. Muganizirenso pamenepo.

Membala wobisa dzina: A ku Skudai, khadi lawo amayenda nalo m'kachikwama, ndidzawafunsa Lamlungu akadzuka. Za malipiro sandiuza, amangondipatsa ya pakhomo. Koma kodi alipo akubwera kuchokera ku Lilongwe mwezi uno anditengereko ufa woyera ndi usipa pang'ono?

Achimwene a pa Mayfair: Usipa sangakulole pa eyapoti. Ine ndikudziwa.