Timbendera posankha chilankhulo pa webusayiti, ndichotse kapena?

wapaChitakale:
Akuluakulu thandizeni. Ndikupangira webusayiti anyamata ena operekeza alendo kuphiri kuno ku Mulanje, oyambira pa Likhubula aja, ndiye ili mu Chichewa, Chingerezi ndi Chipwitikizi poti alendo ena amalowera pa Muloza kuchokera ku Mozambique. Pamwamba ndinaika timbendera titatu, Malawi, UK ndi Portugal, tooneka bwino ndithu. Dzulo ndinapempha amalume kuti ayese pa foni yawo, iwo saona amagwiritsa TalkBack, pulogalamu yowerenga mokweza zomwe zili pa foni, kufika pa timbendera paja foni ikungotchula dzina la fayilo, flag1 dot png, amalume amvekere "mphwanga chimenechi nchiyani?" Manyazi anandigwira. Ndikonze bwanji?

mlimi_wa_tiyi:
Chotsani basi achimwene. Mbendera ndi ya dziko osati chilankhulo, munthu wa ku Milange mukumuonetsa ya Portugal ngati kwawo nku Lisbon, komanso Chinyanja amayankhula ku Chipata ndi ku Tete komwe, nanga iwowo adina mbendera ya Malawi? Lembani mayina, lililonse m'chilankhulo chake: Chichewa, English, Português. Mukalemba "Chipwitikizi" mlendo uja sadziwa kuti ndi pake. Linki ikhale chonchi

`<a href="/pt/" lang="pt" hreflang="pt">Português</a>`

lang ndiye imauza pulogalamu yowerengayo katchulidwe ka mawuwo, hreflang imangonena chilankhulo cha tsamba mukupitalo. Khodi ya Chichewa ndi ny, yochokera ku Nyanja, musalembe ch, imeneyo ndi ya Chamorro cha ku Guam.

mayi_aLuchenza:
Kuwonjezera pang'ono, musaike ka dropdown kamene kamasintha tsamba munthu akangogunda, ine kanandivutitsapo pa kiyibodi, ndikutsika ndi muvi kufuna chachitatu tsamba lathawa kale pa chachiwiri, bandulo nkumatha. Malinki atatu wamba akwana, muwaike mu nav (tagi ya malinki oyendera webusayiti) yokhala ndi aria-label (dzina lomwe pulogalamu yowerenga imatchula), chilankhulo chomwe munthu ali pano muchipatse aria-current="true" kuti adziwe kuti ndi chomwe chasankhidwa. Ndipo munthu akasintha chilankhulo ali pa tsamba la malipiro okwerera Sapitwa afikire pa malipiro pomwepo, osam'bweza koyambirira ayi.

wapaChitakale:
Zikomo nonse. Ndaona kuti pa html masamba onse ndinasiya lang="en" ngakhale a Chichewa, kopi pesiti yandipweteka. Anyamata aja akufunanso Chilhomwe chaka chamawa, chili ndi khodi?

mlimi_wa_tiyi:
lon, cha kuno ku Malawi. Mukamaliza mukawapatsenso amalumewo ayese, muwagulireko ka fanta.