Zoonjezera pa funso la madzi otulukira m'mphuno dzino likazulidwa

Munafunsa chifukwa chake madzi amatulukira m'mphuno dzino lakumwamba likazulidwa, ndipo tinangoti pabooka. Nazi zotsala.

Pa mafupa 14 a kumaso, awiri ndiwo amapanga nsagwada yakumwamba, olumikizana pakati. Lililonse la awiriwa lili ndi mphako ya mpweya, ya mamililita pafupifupi 15, yotulukira m'mphuno. Mizu ya mano otafunira imafika pansi penipeni pa mphakoyo, ndipo kwa ena chotchinga ndi kafupa kopyapyala ngati chigoba cha dzira. Pozula dzino kamatha kusweka, n'kusiya bowo lomwe madzi a m'kamwa amadutsira kulowa m'mphakoyo mpaka kutulukira m'mphuno.

Bowo losafika mamilimita 2 limatsekeka lokha magazi akaundana. Lopitirira mamilimita 5 nlofunika kusokedwa ndi dokotala wa mano. Ambiri amalakwitsa pa kumina, chifukwa mpweya umakankha magazi oundana aja, bowo nkutsegukanso. Chonde musamine kwa milungu iwiri, musakoke chakumwa ndi kapaipi, ndipo poyetsemula yasamani.