Hilux yanga ya 2.4D yafa injini: ndiike KZ-TE kapena ndingofuna 5L?

Mngoni wa ku Ntcheu, Turffontein

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Hilux ya 1994, ija ya injini ya 2L, 2.4 dizilo yopanda turbo. Ndi imene ikundidyetsa kuno ku Joni: mkati mwa sabata ndimanyamula zinyalala za m'magadeni ndi zigumukire za pa ma site, December ikakwana ndimaipakira mpaka pamwamba n'kulowera kumudzi.

Lachiwiri lapitali yandithera pa msewu wa M2. Paipi ya madzi ya pansi inaphulika, ine maso ali pa foni kuyankha kasitomala, geji ya kutentha osaiona. Pomwe fungo limandipeza, nthunzi inali kale tolotolo. Makaniko watsegula, wapeza hedi yang'aluka, pisitoni imodzi yakanda silinda. Akuti ndalama yokonzera isiyana pang'ono ndi yogulira injini ina.

Ndazungulira mashopu ogulitsa injini zochokera ku Japan cha ku Selby. Pena andionetsa 5L, pena KZ-TE, 3.0 turbo, ili mbee ngati sinagwirepo ntchito. Mtima wanga uli pa KZ, ndisaname. Amene munadutsapo phiri lija mukangopitirira Louis Trichardt muli ndi mafiriji awiri ndi matumba a zovala kumbuyo mukundimvetsa. Ine ndimakwera pa giya 2, utsi wakuda uli kumbuyo, mathiraki akundiimbira hutala ngati ndaba. Ndatopa nazo zimenezo. Kodi KZ ingalowe bwinobwino m'galimoto imeneyi? Alipo anachitapo?

Che Jafali, makaniko ku Booysens

Achimwene, pepani ndi ngoziyo. Kulowa ilowa, palibe injini imene singalowe ngati muli ndi grinder ndi welding. Funso ndi loti mudzalipira kangati.

2L, 3L ndi 5L ndi ana a mayi mmodzi. 2L ndi 2446cc, 3L ndi 2779cc, 5L ndi 2986cc, koma block yake mawonekedwe ndi amodzi. Ma mounting amagwera pamalo pake, giyabokosi yanu yomweyo imamanga. Ntchito ya masiku awiri, mwina atatu tikapeza bawuti yoduka. KZ ndi mtundu wina. Bellhousing, polumikizira injini ndi giyabokosi, ndi ina, ndiye mufuna giyabokosi yake, mukasintha giyabokosi, propshaft isinthidwe kutalika, ma mounting tiotchere atsopano, ekizozi ina, rediyeta yaikulu. Ndipo chilembo E chili kumapetocho chikutanthauza kuti pampu yake imalamulidwa ndi kompyuta. Mukagula injini yokha popanda bokosi lake, mawaya ake onse ndi sensa ya pa thirotulo, mwagula chitsulo chokongoletsa pagalaja. Ngati mwalimbadi mtima, gulani half-cut, theka lonse la kutsogolo, kuti chilichonse chibwere pamodzi.

Chenjeraninso, 5L nayo ilipo ya mitundu iwiri. Pali 5L-E ya kompyuta, pali 5L ya pampu wamba. Yang'anani pa pampupo: ya wamba ili ndi kebulo ya thirotulo ndi waya wozimitsira injini, osati mapulagi ambirimbiri. Imeneyo ndi imene mukufuna. Ikakhala yochokera mu Hiace, sump (beseni la oyilo la pansi pa injini) ndi zina za m'mbali zimasiyana, choncho 2L yanu yakufayo musaigulitse kwa a scrap msanga, tidzachotsapo sump, ma bracket ndi alternator. Alternator imeneyo ili ndi vacuum pump kumbuyo, ndi imene imafewetsa mabuleki. Ndinaonapo munthu atamanga ina yopanda pampuyo, kutuluka pageti buleki ili gwa ngati mwala.

Musanaiike, sinthani timing belt, water pump ndi mapaipi onse a madzi. Injini ili pansi n'zosavuta. Ogulitsa onse amati "low mileage", koma palibe anaionapo ikuyenda ku Japan.

Chimodzi ndikuvomerezeni: Joni ili pamwamba, mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, ndiye dizilo yopanda turbo imafooka kuno kuposa ku Durban. 5L ikoka bwino kuposa 2L, mudzamva kusiyana, koma sidzauluka.

Braz Kondwani, Kempton Park

Che Jafali akunena zoona zambiri koma akuopsezanso mopitirira. Ine yanga ndinaika KZ ndipo sindibwerera m'mbuyo. Ngolo kumbuyo, phiri lomwe mukunenalo ndimakwera pa giya 4 ndikumvera nyimbo.

Koma poti tili pachibale ndiulule. Galimoto inakhala pa ma stand miyezi itatu, auto electrician woyamba anasokoneza mawaya mpaka ndinakafuna wachiwiri. Kenako ndinachita umbombo, ndinasiya rediyeta yakale ya 2.4. Ulendo woyamba, kutentha kwa ku Tete kuja, singano ya geji ya kutentha inakwera ndili pamzere wa pa mlatho wa Zambezi. Hedi ya KZ ndi ya aluminiyamu, siikhululuka ikawira. Ndinagona masiku asanu ndi limodzi kudikira hedi ichokere kuno pa basi. Miyezi itatu ija ine ndinali ndi ntchito ina yondidyetsa. Inu mwati bakkie ndiye khasu lanu, ndiye werengerani pamenepo.

Mayi a Tadala, Rosettenville

Abambo inu mukungokamba za zitsulo, mapepala mwaiwala. Ife timatumiza katundu ku Blantyre mwezi ndi mwezi, ndipo amuna anga anabwezedwapo pa boda chifukwa nambala ya pa injini sinkagwirizana ndi ya pa pepala. Anasintha injini n'kungoyamba kuyenda, eti adzakonza akabwerako. Katundu wa anthu tinachita kumusamutsira m'galimoto ina, ndalama ya mafuta n'kupita pachabe.

Pogula, akupatseni invoice yolembedwa nambala ya injini, ndipo muiwerenge nokha pa block, pukutani ndi kansanza muone manambala onse. Ikaoneka ngati inapalidwa, isiyeni ngakhale itchipe bwanji. Kenako ku licensing mukatenge fomu yopempha police clearance, apolisi akaione galimotoyo, microdot (timadontho tozindikiritsa galimoto) amafunanso, ndiye nambala yatsopano ilowe mu eNaTIS, kaundula wa boma wa magalimoto, disiki ya laisensi ituluke ndi nambala yolondola. Sizitha tsiku limodzi ayi. Ngati mukufuna kudya Khirisimasi ku Ntcheu, musadikire November. Kuchoka pa Beitbridge, Nyamapanda, Zobue mpaka Mwanza, simudziwa ndi pati pamene wina adzakuuzeni kuti tsegulani boneti.

Mngoni wa ku Ntcheu, Turffontein

Zikomo nonse. Braz Kondwani, miyezi itatuyo ndiye yandithetsa mankhalu, lendi ya kuno siidikira munthu. Mayi a Tadala, za invoice sindinaziganizire n'komwe, mnyamata wa pa shopu ija amangoti "cash, no problem".

Ndabwererako m'mawa uno. 5L ija ili ndi kebulo pa pampu, koma dipstick yoyezera oyilo ili malo ena, osati pomwe ili ya 2L yanga, ndiye mwina ndi ya mu Hiace monga munanenera. Che Jafali, Loweruka muli pagalaja? Ndikufuna tipitire limodzi mukaiyeze compression ndisanatulutse ndalama. Ya mafuta ndi nkhomaliro ndi yanga. 2L ija ndauza makaniko asaigwire, ili pa tayala kuseri kwa nyumba.