Ndichepetse mabere panopa kapena ndiyambe ndaberekanso?

A admin, bisani dzina langa chonde. Amayi ndi asisi a m'gulu muno, ndithandizeni nzeru.

Ndili ndi zaka 31, mwana mmodzi, ndimasoka zovala ku Kamwala mu Lusaka. Mabere anga ndi aakulu kuyambira utsikana, ndipo nditayamwitsa anangowonjezera. Ndikaweramira makina mpaka masana, khosi ndi msana zimachita kuyaka. Zingwe za bra zinandikumba m'mapewa, mpaka pali mizere yakuda yosachoka. Kukatentha mu Okutobala khungu la pansi pa mabere limasupuka ndi thukuta, ndimachita kupanirapo kansalu. Saizi yanga ngakhale mu salaula pa msika wa Soweto ndi yochita kuuziratu amayi ogulitsa kuti akamasula belo andisungire.

Dokotala anandiyeza n'kunena kuti opaleshoni ndi yotheka, ya maola angapo atandigonetsa. Koma poti anagwa kwambiri ndipo zochotsa n'zambiri, n'kutheka kuti nsonga adzazichotse n'kuzisokerera m'mwamba. Akatero njira za mkaka zimaduka, kuyamwitsa kwatha, ndipo nsongazo sizimvanso kukhudza ngati kale. Apa ndiye mutu waima, chifukwa ine ndi bambo a kunyumba tikufuna mwana wina. Iwo akuti thupi ndi langa. Apongozi ku Katete atamva anangofunsa kuti, "Nanga mwana adzayamwa chiyani?"

Chinanso, nditaboola khutu panamera chipsera chotupa, chija amati keloid. Ndikuopa kuti chingamerenso pachifuwa. Alipo anachitidwapo? Ndipirire mpaka ndibereke, kapena ndichite basi?

NDEMANGA

Namwino wa ku Chilenje: Asisi, za khutuzo mukawauze adokotala asanakulembeni tsiku. Keloid imakonda ife akhungu lakuda, ndipo chipsera cha opaleshoniyi n'chachitali: chimazungulira nsonga, n'kutsika, n'kutsata mphindi ya pansi pa bere. Komanso si onse amachotsedwa nsonga. Ambiri nsonga imatsala yolumikizika ku mnofu, ndipo ena mwa iwo amayamwitsa ndithu, ngakhale mkaka ungachepe. Pemphani kalata ku kiliniki mukaonedwenso ku chipatala chachikulu cha UTH, mumve mawu a dokotala wachiwiri. Za malipiro mukafunse nokha ku NHIMA, bungwe la boma la inshuwalansi ya zaumoyo, kalatayo ili m'manja, osadalira za "ndinamva".

Mayi wa ana atatu, Matero: Ine ndinachitidwa nditatseka kubereka. Msana unaleka kuwawa, sindinama. Koma konzekerani, pafupifupi milungu 6 osanyamula cholemera, ngakhale ndowa ya madzi kapena kubereka mwana kumbuyo. Inu osoka, maoda a Khirisimasi adzasoka ndani? Bere lakumanzere mpaka lero nsonga yake ndi yadzanzi, koma sindidandaula.

Agogo a Mtendere: Mwanawe, chimene Mulungu anakupatsa osachidula. Anzako akulirira omwewo.

Membala wina: Agogo, ndi ulemu wonse, akulirirawo sananyamulepo. Magalasi a maso bwanji timavala?

Mayi wa ku Kalingalinga: Langa ndi limodzi. Mimba imakulitsanso mabere, ndiye mukachita lero n'kuima chaka chamawa, angabwerere ndithu ndalama zitapita. Ngati mwanayo mukumufuna posachedwa, berekani, yamwitsani, dikirani mkaka uume ndi thupi likhazikike miyezi ingapo, kenako mupite. Koma ngati ndi za "tidzaona", musavutike zaka zisanu podikira mimba yomwe simunapangane tsiku. Ndipo mkaka wa m'chitini muuwerengeretu mtengo, si masewera.

Mwini funso: Zikomo nonse. Amayi a ku Kalingalinga mwandigwira penipeni, chifukwa kwathu ndi za "tidzaona" zomwezo. Usiku uno bambo a kunyumba anene chaka. A nesi, kalatayo ndikapempha ku kiliniki ya kwathu, kapena kwa dokotala yemwe anandiyeza uja?